Mbale zanu sizinamere chifukwa cha kutentha, osati kuzizira

Wophunzira sayansi wina wa ku Cape Town watumiza imelo. Akuti analandira madzi a m'mphepete mwa nyanja ku Antarctica ndi dothi pang'ono la komweko, anazithira m'mbale za agar (chakudya chonga phala louma chomeretserapo mabakiteriya), n'kuika mbalezo mu incubator (kabati yofunditsira) ya madigiri 37 Celsius kwa masiku awiri, koma sipanamere kanthu. Funso lake n'lakuti kodi kuzizira kunapha mabakiteriya onse?

Ayi ndithu. Madzi a m'nyanja amaundana akafika pa madigiri 1.9 pansi pa ziro, koma mu mililita imodzi mumakhalabe mabakiteriya masauzande mazanamazana. Chimene chinawapha ndi incubator yanuyo. Madigiri 37 ndi a tizilombo ta m'thupi la munthu. Mu 1975 katswiri wa tizilombo Richard Morita analongosola kuti tizilombo tokonda kuzizira, ma psychrophile, timakula bwino pa madigiri 15 kapena kutsikirapo, ndipo tikapyola 20 timaleka kukula. Khungu la selo yake lili ndi mafuta ofewa osauma m'chisanu, ma enzyme akenso (mapuloteni oyendetsa ntchito za m'selo) ndi opindika msanga kuti agwire ntchito pozizira. Kufewa komweko ndiko kumatipweteka pakatentha: khungu limayamba kudontha, ma enzyme n'kuwonongeka.

Tsono yambiraninso motere. Mbale, madzi osungunulira ndi timapaipi totungira, zonse zigone m'firiji usiku wonse pa madigiri 4. Musasakanize sampulo ndi agar wosungunuka monga ambiri anazolowera, chifukwa agar ameneyu amakhala pa madigiri pafupifupi 45, ndipo mphindi zochepa zokha n'zokwanira kupha zimene mukufunazo. Thirani mililita 0.1 pamwamba pa agar wouma kale, wozizira, muwaze ndi kandodo kagalasi. Mukakawotcha pamoto, dikirani kazizire kaye.

Madzi a m'nyanjawo afuna Marine Agar 2216, agar wopangidwira mabakiteriya a m'nyanja, ndipo powasungunula gwiritsani madzi a m'nyanja osefedwa ndi kuphikidwa, kapena amchere wa magalamu 35 pa lita. Mukathira madzi opanda mchere, maselo amamwa madzi mpaka kuphulika. Vuto lomweli limagwera amene amasungunula ayezi wa m'nyanja payekha. Mabakiteriya ake amakhala m'timing'alu todzaza madzi amchere kwambiri, choncho ayeziyo asungunukire m'madzi a m'nyanja osefedwa, pang'onopang'ono, m'firiji.

Dothi ndiye lovutirapo. Sakanizani galamu imodzi ndi mamililita 9 a madzi osungunulira, musungunule kakhumikakhumi mpaka katatu, muthire pa R2A, agar wa chakudya chochepa. Ine ndingachepetsenso R2A yoyo kakhumi, chifukwa tizilombo ta m'dothi ngati la ku McMurdo Dry Valleys, zigwa zouma za ku Antarctica, tinazolowera njala, ndipo chakudya chambiri chimangopatsa mpata tochepa tokula msanga kuti tiphimbe tinzake. Tina sitifuna n'komwe shuga wa mu agar wanuyo. Kafukufuku wa mu 2017 anasonyeza kuti m'madothi ena a ku East Antarctica mabakiteriya amapeza mphamvu kuchokera ku hydrogen ndi carbon monoxide wa mumpweya.

Mbale ziikeni chozondoka kuti thukuta la pachivindikiro lisagwere pa agar n'kusakaniza timagulu ta mabakiteriya. Zimateni m'mbali ndi Parafilm, kapulasitiki kotanuka ka mu labotale, zisaume. Zina zikhale pa madigiri 4, zina pa 15, ndipo muzidikire milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Sabata yoyamba mwina simuona kanthu. Kenako pamatuluka timadontho ngati mitu ya mapini, toyera, tachikasu, tina tofiirira ngati ta bakiteriya wa m'nyanja zozizira wotchedwa Colwellia psychrerythraea. Chuku chikamaphimba mbale, thirani mankhwala oletsa chuku, cycloheximide, wa mamiligalamu 50 pa lita mu agar wotsatira, koma valani magolovesi, ndi poizoni ameneyo.

Ngakhale mutachita zonsezi, zomera pa mbale kawirikawiri sizifika ngakhale chimodzi pa 100 cha zimene zili m'sampulo. Ngati cholinga chanu n'kudziwa mitundu imene ilimo, sefani madzi a m'nyanjawo, lita imodzi kapena awiri, pa sefa ya ma micrometre 0.22, muiike msanga pa madigiri 80 pansi pa ziro, mudzayeze 16S rRNA, jini yozindikirira mitundu ya mabakiteriya. Koma fufuzani kaye mmene masampulowo anayendera. Ngati anagonapo pa tebulo la mu labotale, pemphani ena.