Musanagule matikiti a ku paki, yezani kaye msinkhu wa ana

Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana atatu. Wamkulu ali ndi zaka 7, wachiwiri zaka 4, wotsiriza chaka chimodzi ndi theka. Ndinawalonjeza kuti sukulu ikatsekera tidzapita ku paki ya zosangalatsa, kuja kuli akavalo ozungulira ndi timagalimoto togundana. Kwatsala miyezi itatu. Ndili ndi kabizinesi kogulitsa zovala za ana, ndipo bambo a kunyumba akuti nditape pa mpamba, tidzabweza iwo akalandira. Ine mtima ukukana, koma sindikufunanso kuoneka wabodza kwa ana. Ndiyambire pati?
Mayi wa ana atatu

Mayi, mtima wanuwo ukukana zoona, ndipo za mpambazo ndifikako. Koma ndiyambe ndi chinthu chimene muli nacho kale m'chikwama cha malonda: tepi yoyezera. Usiku uno aimikeni anawo pakhoma atavala nsapato zimene adzavale tsikulo, muwayeze, mulembe papepala.

Ku paki kawirikawiri sayang'ana zaka za mwana pomulola kukwera makina osewererapo. Amayang'ana kutalika, chifukwa malamba ndi zitsulo zotchingira pampando zinapangidwa kuti zigwire thupi la msinkhu winawake. Pakhomo la makina ambiri pamakhala mtengo woyezera, ndipo wogwira ntchito amene ali pamenepo sangakumvereni chisoni ngakhale mwana aperewere ndi chala chimodzi. M'mapaki ambiri malire amayambira cha pa masentimita 90 kapena 100. Zothamanga kwambiri zija, monga sitima zokwera m'mwamba n'kutsika mozondoka, zimafuna masentimita 120, zina mpaka 140. Mwana wa zaka 4 nthawi zambiri amakhala cha m'ma 100, wa zaka 7 cha m'ma 120. Ndiye taonani: wamkuluyo ali pamalire enieni, wachiwiriyo adzakanizidwa pa makina ambiri, ndipo wamng'onoyo zake ndi akavalo ndi kasitima koyenda pang'onopang'ono, ali pamiyendo panu.

Mukayeza, pezani mndandanda wa makina a paki imene mukufuna kupitako. Mapaki ambiri amauika pa intaneti pamodzi ndi malire a msinkhu, ndipo ngati palibe, aimbireni foni. Werengani makina amene mwana aliyense angaloledwe. Nambala imeneyo ndi imene idzakuuzeni tikiti yoyenera kugula. Ndaona makolo ambiri akugula tikiti yodula kwambiri poganiza kuti akuwachitira ana zabwino, kenako n'kutha tsiku akutonthoza mwana amene wabwezedwa pakhomo katatu. Ndalama yapita, mwananso wabwerako ndi misozi. Zimandipweteka chifukwa tepi ya m'nyumba ikadapewetsa zonsezi.

Matikiti amagulitsidwa m'njira ziwiri. Kwina mumalipira kamodzi pachipata n'kumakwera chilichonse. Kwina mumalipira polowa, kenako makina alionse payekha, kapena mumagula chibangili chapadzanja chokulolani kukwera mosawerengera. Tivoli ya ku Copenhagen, imene inatsegulidwa mu 1843, imasiyanitsabe ndalama yolowera ndi yokwerera. Disneyland ya ku California, itatsegulidwa mu 1955, inkagulitsa timabuku ta matikiti a makina osiyanasiyana, ndipo inasiya mu 1982 n'kuyamba mtengo umodzi wa zonse. Mtengo umodziwo umakomera achinyamata amene amathamanga kuchoka pa makina ena kupita pa ena mpaka usiku. Banja la ana aang'ono limalipira zambiri zimene silidzazigwiritsa ntchito.

Ngati paki yanuyo ili ndi chibangili, masamu ake ndi achidule. Gawani mtengo wa chibangili ndi mtengo wokwera kamodzi. Tiyerekeze kuti yankho ndi 8. Ndiye kuti mwana ayenera kukwera kopitirira kasanu n'katatu kuti chibangilicho chikupindulireni. Wa zaka 7 angathe. Wa zaka 4, mukaphatikiza mizere, chimbudzi, ludzu ndi mantha pa makina ena, mwina adzakwera kanayi kapena kasanu. Palibe lamulo lakuti banja lonse ligule tikiti yofanana. Mufunsenso ngati kholo loperekeza mwana pa makina limalipira, chifukwa pamenepa ndi pamene bajeti za anthu ambiri zimabowoka. Wamng'onoyo mwina adzalowa ulere. Ku mapaki a Disney a ku America, mwachitsanzo, mwana wosakwana zaka 3 salipira, ndipo mtengo wa wamkulu umayambira pa zaka 10. Kwina malire ake ndi a msinkhu, choncho musangoganizira, funsani.

Tsopano chinthu chimene inu ngati wamalonda muchimvetsa msanga. Tikiti ndi nyambo chabe. Makampani akuluakulu a mapaki ku America, m'malipoti awo a pachaka, amaonetsa kuti ndalama za pachipata zimangokhala theka kapena kupitirira pang'ono la zonse zimene amapeza. Zotsalazo zimachokera kwambiri m'matumba a anthu amene alowa kale: zakudya, zakumwa, zidole, zithunzi, malo oimika galimoto, matikiti odumphira mzere. Munthu akalowa mumpanda alibe kwina kogula, ndiye wogulitsa amatchula mtengo umene akufuna. N'chifukwa chakenso potuluka pa makina otchuka njira imadutsa m'sitolo ya zidole, ndipo zidolezo amaziika m'munsi, pamene maso a mwana afikira. Sindikuwanyoza, ndi bizinesi yoganiziridwa bwino. Koma inu mulowemo mukudziwa kuti walira mvula walira matope, ndipo matopewo muwawerengeretu.

Polemba bajeti, pansi pa matikiti lembani ulendo wopita ndi wobwera, chakudya cha anthu asanu, ndi chilichonse chimene mungafunike kubwereka kumeneko, monga chikuku cha mwana kapena kabokosi kosungiramo katundu. Fufuzani ngati amalola kulowa ndi kamba wa kunyumba. Ambiri amene amaletsa amalolabe madzi ndi chakudya cha khanda, ndipo ena amakudindani padzanja kuti mutuluke, mukadye panja, n'kubwereranso. Mukawonkhetsa zonse, onjezerani gawo limodzi mwa magawo khumi la zadzidzidzi. Ndalama yadzidzidziyo isunge munthu mmodzi, amene savuta kunena kuti ayi.

Pa zidole ndi zotsekemera, njira imene ndimaikhulupirira ndi envulopu. Ana awiri akuluakuluwo aliyense akhale ndi yake, ndipo muwauze muli kunyumba, osati muli kutsogolo kwa sitolo, kuti m'menemo ndi mmene muli zonse za tsikulo. Wa zaka 7 amatha kale kuwerengera ndi kusankha, ndipo mudzadabwa mmene adzaumirire ndalama ikakhala yake. Wa zaka 4 mumuuze mwachidule kuti asankha chinthu chimodzi pobwerera. Kugula pomaliza kumathandizanso kuti musanyamule chidole tsiku lonse kapena kuchitaya pa makina. Masewera oponya mphete kapena mpira kuti mupate chidole aja amalipiritsa paokha, ndipo anakonzedwa kuti opambana azikhala ochepa. Ndalama imathera pamenepo mwakachetechete, makamaka bambo akafuna kuonetsa ana kuti dzanja lawo silinaphonyepo. Mugwirizane chiwerengero cha maulendo oponya musanachoke pakhomo.

Tsiku lopita lilinso ndi mtengo wake. Mapaki ambiri masiku ano amasintha mtengo malinga ndi tsiku, ndipo Disney inayamba kutero pa matikiti a tsiku limodzi mu 2016. Loweruka ndi masiku a tchuthi chachikulu amadula, komanso ndi pamene mizere imatalika. Pakati pa sabata mumalipira zochepa n'kukwera zambiri. Kugula pa intaneti masiku angapo tsikulo lisanafike kumakhala kotsika mtengo kusiyana ndi pachipata, koma gulani kwa eni paki okha, osati kwa munthu amene akutsatsa matikiti otchipa pa Facebook. Werenganinso zimene amachita kukagwa mvula, chifukwa ambiri sabweza ndalama.

Fikani akamatsegula. Mwana wa chaka ndi theka adzagona masana kaya mwalipira zingati, ndipo wa zaka 4 akatopa, zonse zimasanduka zolira. Maola atatu kapena anayi a m'mawa ndi amene mukugula kwenikweni. Musakakamize ana kukhala mpaka madzulo pofuna kuti ndalama ya tikiti ibwerere. Ndalamayo inapita kale, ndipo maola owonjezerawo ndi amene mumagula zinthu zotonthozera ana zimene sizinali pa bajeti. Ngati wamkulu akufuna makina amene ang'ono ake saloledwa, funsani ngati pali dongosolo losinthana. Mapaki ambiri akuluakulu amalola kholo limodzi kudikira ndi khanda pamene lina likukwera, kenako asinthane osaimanso pamzere. Ndipo musanalowe, ajambuleni anawo pa foni ndi zovala za tsikulo, mulembenso nambala yanu padzanja la aliyense.

Tifike pa mpamba. Ndalama ya mpamba si yofanana ndi ndalama yogona m'kachikwama, chifukwa imabereka. Tiyerekeze kuti pa 100 iliyonse imene mwaoda katundu mumapindula 20, ndipo katunduyo amatha kawiri pamwezi. Mukatapapo 100, mwezi umenewo mwataya 40, ndipo mupitiriza kutaya mpaka tsiku limene idzabwezedwe. Kunena zoona, ndalama yotapa pa mpamba pofuna za m'nyumba sibwerera kawirikawiri, osati chifukwa bambo ndi osakhulupirika, koma chifukwa malipiro akafika amapeza lendi, sukulu ndi zina zikudikira kale. Kasitomala akabwera kawiri osapeza saizi ya mwana wake, amakazolowera kwina. Ngongole ya katapila ndiye musaiganizire n'komwe. Kulipira chiwongoladzanja pa chisangalalo cha maola anayi n'kudzimangirira mwala m'khosi.

Chimene muli nacho ndi nthawi. Miyezi itatu ndi masabata 13. Tengani chiwonkhetso cha bajeti yanu muchigawe ndi 11, kuti ndalama ikwane kudakali masabata awiri ogulira matikiti pamtengo wotsika. Yankho lakelo ndi ndalama yoika padera sabata iliyonse, kuchokera pa phindu, mutabwezera kale ndalama yoodera katundu. Bambo aikepo gawo lawo tsiku lolandira, asanayambe kugawa zina, osati kudikira zotsala. Polankhula nawo musayambe ndi kukana maganizo awo. Awonetseni pepalalo, muwafunse kuti pa ndalama ya sabatayi iwo atenga mbali iti. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mukaona kuti ndalama ya sabatayo ikukulemerani, chepetsani ulendo, osati mpamba. Paki yaing'ono yolipira makina payekhapayekha imakwanira ana a msinkhu umenewu. Mukhozanso kugawana, kholo limodzi lipite ndi awiriwo, lina litsale ndi khanda, limene silidzakumbukira chilichonse cha tsikulo. Munalonjeza akavalo ndi timagalimoto, simunalonjeze paki yodula kuposa zonse.

Alangizi, paki ina ikugulitsa tikiti ya chaka chonse pamtengo wofanana ndi kulowa katatu. Ana anga awiri amakonda kumeneko. Ndigule?
Bambo wa ana awiri

Bambo, yang'anani chaka chathachi. Munapitako kangati? Ngati munapita kamodzi kapena kawiri, musagule poganiza kuti chaka chino mudzasintha. Ngati munapita kanayi kapena kuposa, ndipo pakiyo ili pafupi moti ulendo sukudyerani zambiri, tikitiyo ikhoza kukupulumutsirani ndalama. Koma dziwani chifukwa chake amaitchipitsa: munthu amene salipiranso pachipata amabwera kawirikawiri, ndipo ulendo uliwonse amagula chakudya ndi zina m'katimo. Muwerengere ndalama imeneyo kuchulukitsa ndi maulendo onse.

Musanasaine, werengani zinthu zitatu. Choyamba, masiku amene tikitiyo sigwira ntchito, chifukwa matikiti otchipa nthawi zambiri amatsekedwa pa tchuthi, nthawi yomweyo imene ana anu ali ndi mpata. Chachiwiri, ngati imadzikonzanso yokha chaka chikatha n'kumadula ndalama ku akaunti yanu. Chachitatu, ngati ndi yolipira mwezi ndi mwezi, muone ngati mungaisiye pakati popanda chindapusa. Funsaninso ngati amalola kusandutsa tikiti ya tsiku limodzi kukhala ya chaka mwa kungowonjezera ndalama yotsalayo. Mapaki ena amalola zimenezi tsiku lomwelo musanatuluke, ndiye mukhoza kupita kaye kamodzi, muone mmene anawo akuchitira, n'kusankha madzulo ake.