Yankho kwa amalume pa nkhani ya pepala la asylum

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha. Uthenga wanu ndinaumva m'mawa ndili mu takisi, ndiye ndinati ndidikire ndifike kunyumba ndiyankhe mofatsa. Ndiyankhira pagulu pompano kuti amayi ndi azakhali amvere limodzi.

Mwafunsa kuti, poti ine ndikuphunzira za anthu othawa kwawo, kodi n'zoona zimene anzake a msuweni akumuuza, zoti akangofika kuno ku Joni akalembetse ngati refugee, kutanthauza wothawa kwawo, atenge pepala la asylum, basi azigwira ntchito mosavutitsidwa. Amalume, ine ndikuti ayi, asatero. Ndifotokoze bwinobwino.

Lamulo la kuno la othawa kwawo ndi la 1998, ndipo linatsamira pa pangano la United Nations la 1951 ndi la mayiko a mu Africa la 1969. Limati wothawa kwawo ndi munthu amene akuzunzidwa chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, ndale ndi zina zotero, kapena wathawa nkhondo ndi chipwirikiti. Njala mulibemo. Kusowa ntchito mulibemo. Ngakhale anthu aja a ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chilobwe amene namondwe Freddy anawagumulira nyumba mu 2023, lamuloli siliwawerengera. Kusukulu kwathu ku Wits, ku African Centre for Migration and Society, timakangana kwambiri pamenepa. Munthu munda wake wakokoloka, feteleza sangamukwanitse, ana akulira, ndiye wanyamuka. Ameneyo wafuna yekha kapena wakakamizika? Ine m'kalasi ndimati wakakamizika, ndipo ndimalimbikira ndithu. Koma wa ku Home Affairs sawerenga zolemba zathu, iye amatsata lamulo.

Pepala limene anyamatawo akulitama ndi la Section 22. Ndi loyembekezera chabe, lokakonzetsa nthawi ndi nthawi, kudikira tsiku loti akufunse kuti kwanu wathawa chiyani. Msuweni akadzati umphawi, amukanira pomwepo. Akadzanama kuti akufuna kuphedwa, bodzalo lidzamutsata. Komanso ofesi yake kuno ku Johannesburg inatsekedwa kalekale mu 2011, anthu amapita ku Pretoria.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni ndi china, ndipo ndicho mutu wa kafukufuku wanga. Anzathu ophunzira amachitcha transnationalism. Dzina lokha ndiye lalitali, nkhani yake ndi yomwe inu mumaidziwa kale: munthu mwendo umodzi uli ku Joni, wina uli kumudzi. Ndimakhala pansi ndi Amalawi a ku Mayfair ndi ku Diepsloot, ndi anthu a ku Congo a ku Yeoville, n'kumawafunsa mmene amalumikizirana ndi kwawo. Mmalawi, eee, moyo wake wonse uli pa chingwe chimenechi. Mwezi ukatha ali pa Mukuru. Loweruka ali ku Park Station kupereka katundu kwa matransipota, mabulangete, njinga, nthawi zina firiji yathunthu. Mlandu wa malire a munda amauweruza pa WhatsApp ali pa ganyu ku Randburg. Mnzawo akamwalira amasonkherana, mtembo udutse Beitbridge, Tete, Mwanza, ukagone pafupi ndi makolo. Ndalama zake si zamasewera, koma amasonkha, chifukwa aliyense amadziwa kuti tsiku lina adzakhala iyeyo.

Tsono refugee weniweni chingwe chimenechi chimamudukira. Lamulo limati ukabwerera kwanu mwa kufuna kwako, ndiye kuti chimene unkathawa chatha, chitetezo chako chathera pomwepo. Mayi wina wa ku Congo anandiuza kuti maliro a amayi ake anawaonera pa foni, m'bale wake atagwira foniyo kumanda, netiweki ikudukaduka. Ndinazimitsa chojambulira mawu, tinangokhala chete. Msuweni ali ndi mkazi ndi khanda, akufuna kumanga ya malata, akufuna Khirisimasi azidyera kwanu. Ndiye asaine pepala lonena kuti ku Malawi sangapondekonso? Inuyo mukadzadwala, Mulungu atalikitse, adzabwera bwanji?

Mukumbuke kuti banja lathu njira iyi silinaiyambe lero. Agogo aamuna anapita ku migodi pa Wenela, dzina lomwe lija latsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Iwo ankapita pa kontilakiti, ikatha n'kubwerera ndi sutikesi ndi wailesi. Mpaka 1974, pamene ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu n'kuimitsa zolemba anthu. Koma akulu awo a agogo aja, amene amayi amawatchula akamakamba za kale, sanabwerere. Anasanduka mtchona. Kumudzi timati mtchona ndi munthu woipa mtima, woiwala kwawo. Ine nditacheza ndi madala angapo amene atha zaka zambirimbiri kuno, maganizo amenewo ndinawasiya. Ambiri kwawo amakukumbuka tsiku ndi tsiku. Chinawatsekera njira ndi mapepala osalongosoka, kenako manyazi obwerera chimanjamanja, chaka n'kumagwera pa chinzake. Sindikufuna msuweni ayambe ulendo wake ndi pepala lomutsekera khomo la kwawo.

China, tisaiwale kuti ifenso timasunga othawa kwawo. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique tinalandira anthu opitirira 1 miliyoni. Ku Dzaleka, ku Dowa, kampu inatsegulidwa mu 1994 ndipo pano kuli anthu oposa 50,000, ndipo mu 2023 boma linatola amene ankachita malonda m'matauni n'kuwabwezera komweko. Kuno kulibe makampu, othawa kwawo amakhala m'makomboni limodzi ndi wina aliyense. N'chifukwa chake anyamata athu amaona ngati asylum ndi chilolezo cha ntchito. Koma aliyense wolowa pamzere uja ndi nkhani yopeka akutalikitsira mzere mayi ngati uja wa ku Congo, amene alibe kwina kolowera.

Msuweni akafunadi kubwera, abwere ndi pasipoti yake, adinditse pa boda. Amapatsidwa masiku 30, ndipo ndi ocheza, osati ogwirira ntchito, zimenezo azidziwe asananyamuke. Akapitiriza masiku, potuluka amamuletsa kulowanso kwa chaka kapena mpaka zaka zisanu, ndipo akagwidwa ali mkati ndi nkhani ya ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Sindikunamizani kuti onse kuno ali ndi mapepala abwino, ayi, ambiri akungoyendera mwayi. Koma amene akumuitanawo amuuze zonse, asamangomutumizira zithunzi atavala majekete pa Mandela Bridge. Amuuzenso za 2008, pamene zipolowe zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo ochita zipolowewo sankayamba afunsa kuti pepala lako ndi la mtundu wanji.

Muuzeni andiimbire Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, ndicheze naye yekha, chifukwa zina sangamasuke kunena pamaso panu. Ndikufunanso ndimve za welding ija anaphunzira, ngati satifiketi anaitenga. Amayi, ndalama ya mankhwala ndatumiza dzulo, muone uthenga pa foni ya achemwali. Bandulo yanga ikutha, moni kwa onse kumeneko.