Funsani Tikuyankheni: Nyimbo za Amr Diab paukwati

FUNSO: Ndine DJ kuno ku Lilongwe. Banja lina la ku Area 47 landiuza kuti paukwati wa mwana wawo pasalephere kumveka nyimbo za Amr Diab. Kodi ameneyu ndani, nanga nyimbo zake ndingazilumikize bwanji ndi zathu? DJ wa ku Kawale

YANKHO: Achimwene, Amr Diab ndi woimba wa ku Egypt, anabadwira mumzinda wa Port Said pa 11 Okutobala 1961. Chimbale chake choyamba, Ya Tareeq, chinatuluka mu 1983, koma dzina lake linapita patali ndi Nour El Ain cha mu 1996, chomwe chinamupezetsa mphoto ya World Music Award mu 1998. Amaimba m'Chiarabu cha ku Egypt, chimene Aarabu ambiri amachimva chifukwa anakula akuonera mafilimu a ku Cairo. Onjezanipo gitala wa Chisipanishi pamwamba pa ng'oma yotchedwa darbuka, ndiye mwapeza chifukwa chake ngakhale osamva mawu amadzuka n'kuvina.

Ntchito yanu yeniyeni ili pa ng'oma imeneyi. Nyimbo zambiri zovina za ku Egypt zimayenda ndi kaombedwe kotchedwa maqsum. Werengani mpaka 8: kugunda kwakuya kuli pa 1 ndi pa 5, kugunda kopepuka kuli pa 2, 4 ndi 7, pamene 3, 6 ndi 8 pali chete. Ambiri amasokera pa 2, poyesa kuti nyimbo yayambira pomwepo. Akalumikiza pamenepo, ng'oma ziwiri zimayamba kupondana, ovina n'kuima. Gwirani kugunda kwakuya koyamba, mukufananize ndi 1 wa nyimbo imene ikutha, ndipo muchotseretu besi ya yotulukayo yatsopano isanalowe mokwanira.

Nyimbo ya Amr Diab musaikankhe liwiro kuti ifanane ndi amapiano. Key lock, yomwe imateteza mawu kuti asasinthe mukasintha liwiro, ikakhala yozimitsa, mawu ake amapyapyala ngati a mwana, ndipo eniake amadziwa pompo kuti mwaiwononga.

Nyimbo ya Nour El Ain, ya m'chimbale cha dzina lomwelo, ndi yabwino pa perekaniperekani. Tamally Maak ya mu 2000 ndi yodekha, imayenera pamene mkwati ndi mkwatibwi akulowa muholo.

Posaka pa intaneti, yesani malembedwe angapo, monga Ain ndi Ein, chifukwa Chiarabu chili ndi zilembo zake ndipo aliyense amachisandutsa mwa njira yake. Mverani nyimbo yonse musanaiike pa fulashi. Zina za pa YouTube ndi zothamangitsidwa kapena zojambulidwa pamakonsati, zodzaza ndi phokoso la anthu.

China chofunika kwambiri, makamaka ngati banjalo ndi la Chisilamu: si nyimbo iliyonse ya Chiarabu imene ili yachipembedzo. Ziwiri tatchulazi ndi zachikondi. Khalani pansi ndi ankhoswe kusanafike tsikulo, akuuzeni nthawi imene mapemphero athere ndi pamene zoimbira ziloledwe kuyamba.