Mapulagi a iridium: kodi ndi osathadi?

FUNSO: Galimoto yanga ili ndi mapulagi a iridium. Amene anandigulitsa anati amenewa sasinthidwa, koma makaniko wanga akuti ndisinthe popeza yayenda makilomita 110,000. Chonsecho imalira bwinobwino m'mawa uliwonse. Ndimvere ndani? — Wowerenga wodabwa

YANKHO: Mverani makaniko wanu, achimwene. Pulagi yosatha kulibe. Wogulitsayo ankangofuna malonda ayende.

Mapulagi wamba amatha akayenda makilomita 20,000 mpaka 30,000. A iridium amakhalitsa chifukwa chitsulo chimenechi n'cholimba kwambiri, chimasungunuka pa madigiri a Celsius oposa 2,400, choncho moto umadya nsonga yake pang'onopang'ono. Opanga magalimoto ambiri amati asinthidwe pa makilomita 100,000, ena amafika 160,000. Nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto yanu. Komanso si onse ofanana: ena ali ndi iridium pansonga yapakati pokha, kachitsulo kopindika kam'mbali n'kawamba, ndipo amenewa amatha msanga.

Zoti ikulira bwino zisakupusitseni. Nsonga ikamadyeka, mpata umene moto umadumpha umakula, ndiye koilo, kachipangizo kamene kamatumiza magetsi ku mapulagi, imakakamizika kutulutsa magetsi ambiri kuti motowo uwoloke. Inu simumva kanthu, koma koilo ikupsa mwakachetechete. Tsiku lina mukukwera chitunda injini iyamba kudukiza, kunjenjemera ikaima, petulo n'kumatha ngati thanki yabooka. Pamenepo mugula mapulagi ndi koilo yomwe, ndipo petulo wosapsa akamalowa mu ekizozi amawononganso catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi. Ine ndimaona kuti kudikira zizindikiro n'kuchedwa kale.

Dziwaninso kuti mita imawerenga mtunda wokha. Galimoto yokhalira kuima pamzere wa magalimoto injini ikulira, kapena yomwe imadya oilo, imatopetsa mapulagi nthawi isanakwane. Ngati munaigula yogwiritsidwa kale ntchito, musayerekeze kuti mwini wakale anasinthapo.

Posintha, sinthani onse nthawi imodzi, injini itazizira, ndipo mugule nambala yomwe bukulo likunena, kwa wogulitsa wodalirika, chifukwa achinyengo olembedwa mayina a makampani odziwika monga NGK kapena Denso alipo ambiri. Makaniko ayambe kupotokola ndi dzanja kuti asawononge mazinga, asamange mopitirira muyeso. Asawakwechenso ndi bulashi yawaya kapena kupana nsonga poyeza mpata. Ndi yopyapyala, pafupifupi theka la milimita, imathyoka mosavuta.