Mwandifunsa za Baltimore, mwanditosa pachilonda

Amayi ena andilembera imelo sabata yatha. Mwana wawo wamkazi, namwino, wapeza ntchito mumzinda wa Baltimore ku America, ndiye abale akuwaopseza kuti kumeneko n'kwa zigawenga. Funso lawo: amulole apite?

Amayi, mwanditosa pachilonda. Ine ndinafika mumzindawu usiku, nyengo yachisanu, nditavala jekete ya pakaunjika ya ku Limbe imene mphepo inkangoidutsa ngati sefa. Msuweni wanga anakanditenga ku bwalo la ndege. Titapatuka mumsewu waukulu ndinayamba kuona nyumba za njerwa zofiira zogundana khoma ndi khoma, mzere wonse, mawindo atakhomedwa matabwa. Ina inali itamera mtengo padenga. Ndinamufunsa ngati tafikadi ku America kapena tikadali panjira. Anaseka mpaka kutsokomola.

Amene anandimasulira nyumba zija ndi agogo ena achikuda omwe ndinkawasamalira, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Zala zawo zinali zokhota, zosatheka kumanga batani la malaya. Unyamata wawo wonse unathera ku Sparrows Point, fakitale yosungunula zitsulo ya Bethlehem Steel, imene m'zaka za m'ma 1950 inkalemba anthu pafupifupi 30,000. Ankati munthu wosapita patali ndi sukulu ankagula nyumba ndi galimoto ndi malipiro a kumeneko. Fakitaleyo inatsekeratu mu 2012. Mu 1950 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 950,000. Pofika 2020 anatsala 585,000 ndi ochepa pamwamba. Nyumba zamatabwa zija ndi za anthu amene anachoka.

Ndipo musaganize kuti doko la mzindawu linafa. Ayi ndithu. Baltimore ali pa mtsinje wa Patapsco, mkati mwenimweni mwa Chesapeake Bay, nyanja yolowerera kumtunda kuchokera ku Atlantic, moti sitima yapamadzi imalowa kutali kumtunda, kufupi ndi zigawo zapakati pa dziko kuposa madoko ena a kum'mawa. N'chifukwa chake njanji ya Baltimore and Ohio inayambira pano mu 1827. Mpaka lero magalimoto atsopano ndi mathirakitala amatsitsidwa pano miyandamiyanda. Ukadutsa umangoona atandandalika mpaka pomwe maso alekezera. Koma katundu amene kale ankasenzedwa ndi khamu la anthu, lero akunyamulidwa ndi makina, m'makontena. Ndalama zimadutsa pamadzipo osakhota kulowa m'makwalala ndinawaona aja.

Chinandiseketsa n'chakuti dokoli linakhazikitsidwa mu 1706 chifukwa cha fodya. Inde, fodya yemweyu amene timalimbana naye ku okushoni ku Kanengo. Kungoti wa ku Maryland, chigawo chomwe kuli Baltimore, ankalimidwa ndi akapolo. Frederick Douglass, amene pambuyo pake anatchuka polimbana ndi ukapolo, ankamata ming'alu ya sitima ku Fells Point ali kapolo, malipiro n'kumakapereka kwa mbuye wake, mpaka anathawa mu 1838. Ndiye mu 1910 khonsolo ya mzinda inaika lamulo loletsa anthu akuda kusamukira mumsewu wa azungu. Lamulolo linathetsedwa, koma malire ake akuonekabe. Choncho munthu akamandiuza kuti anthu a ku Baltimore ndi aulesi, magazi anga amawira. Sakudziwa chimene akunena, ndipo nthawi zambiri wonenayo ndi ife obwera, titangotha miyezi itatu.

Za obwera zomwezi: usiku wa pa 26 Marichi 2024 sitima ya Dali inagunda mlatho wa Francis Scott Key padoko la Baltimore, chigawo chapakati cha mlathowo n'kugwera m'madzi. Anafa anthu 6, onse ochokera ku Mexico ndi maiko a ku Central America, akukwirira maenje a mumsewu ena tonse tili mtulo. Ine ndinali nditasamuka kale, koma tsikulo nsima sinalowe.

Nkhanu zawo zokha ndiye zinandikanika. Amazithira zokometsera za Old Bay, kuzikhuthulira pa pepala patebulo, n'kukupatsa kahamala kamtengo. Ola lathunthu ukumenya, mimba ili pululu.

Tsono apite kapena ayi?

Apite, amayi. Ntchito mumzindawu zinasamukira kuzipatala ndi kumayunivesite. Yunivesite ya Johns Hopkins, yomweyi imene imachita kafukufuku ku Queens ku Blantyre, ndiyo imalemba anthu ambiri. Umbanda ulipodi, koma umasiyana msewu ndi msewu. Asalipire nyumba asanaione masana ndi usiku womwe, afunse anamwino anzake kumene amakhala, ndipo ngati azigwira shifiti yausiku asunge ndalama ya galimoto msanga. Jekete akagule komweko.