Kwa m'bale amene watopa ndi kulapa tchimo limodzimodzi

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mukuti mwakhala mukulapa tchimo lomwelomwelo kwa zaka, mumalira, mumalonjeza, sabata isanathe mwagweramonso, ndiye mukufunsa ngati kulapa kwanu kuli koona kapena mukungoseweretsa Mulungu. Tchimolo simunalitchule ndipo sindikufunsani. Koma funso lanu landikhudza pachilonda, choncho mundilole ndiyambe ndi zanga.

Zaka zingapo zapitazo ndinanamizira mnzanga wa kuntchito. Panali chikalata chimene ndinaiwala kutumiza, ndipo abwana atafunsa ndinati ndinachipereka kwa iyeyo. Anamudzudzula pamaso pa tonse. Iye sanakangane nawo, anangondiyang'ana, ndipo maso aja ndimawaonabe mpaka lero. Usiku womwewo ndinagwada, ndinalira, ndinawerenga Salimo 51 yonse. Sikunali komaliza. Kwa zaka pafupifupi ziwiri, tikamayandikira Mgonero wa Ambuye nkhaniyi inkadzuka, ine n'kulapanso, mtima n'kupepuka pang'ono, Lolemba n'kupatsana moni ndi munthu yemweyo ngati palibe chinachitika. Ndinkadziyesa munthu wa mtima wosweka. Zoona zake n'zakuti kulira sikunkanditayitsa kanthu, pomwe kupita kwa iye kukanandichotsera ulemu umene ndinali nawo pakati pa anzanga.

Amene anandigwetsa ndi Zakeyu, pa Luka 19. Nkhaniyi ndinkaidziwa kuyambira ndili mwana, ya munthu wamfupi wokwera mu mkuyu ku Yeriko, koma tsiku lina ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo: Luka sanalembe kuti Zakeyu analira. Analemba kuti anaimirira, nalonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Kanayiko n'kofanana ndi kwa pa Eksodo 22:1, pomwe wakuba nkhosa imodzi amabweza zinayi. Munthuyu anadziweruza yekha ngati mbala, anthu akumva. Ndipo Yesu anati chipulumutso chafika panyumbayo tsiku lomwelo.

Kuchokera pamenepo sindigwirizananso ndi kalalikidwe koyeza kulapa ndi kuchuluka kwa misozi. Ndikunena izi mosabisa: kamapweteka anthu. Wolira msanga amapita kwawo akudziyesa woyera, ndipo wa maso ouma amapita akudziyesa wotayika, pomwe mwina ndi iyeyo amene mawa lake akabweza za eni. Asilikali ndi okhometsa msonkho atafunsa Yohane M'batizi chochita, pa Luka 3, sanawauze kuti alire. Okhometsa msonkho anawauza asalipiritse mopitirira malire, asilikali asalande za anthu kapena kuwanamizira, akhutire ndi malipiro awo, ndipo khamu la anthu analiuza kuti wa malaya awiri apatseko amene alibe. Mawu achigiriki akuti metanoia, amene timati kulapa, amanena za kusintha maganizo, ndipo omasulira athu akale anagwira bwino pamene analemba kuti "tembenukani mtima". Wotembenuka amayang'ana kumene anafulatira.

Komabe ndisakusocheretseni, chifukwa kubweza pakokha sikupulumutsa. Yudasi anabweza ndalama zasiliva 30 zija, ananenanso ndi pakamwa pake kuti wachimwa popereka mwazi wosalakwa. Anamva chisoni, anaulula, anabweza, n'kukadzimangirira. Petro nayenso analira kwambiri atakana Ambuye katatu. Anasiyana pati? Yudasi anapita ndi tchimo lake kwa akulu a ansembe, amene anamuyankha kuti adzionere yekha. Petro anakhalabe pakati pa abale mpaka anakumananso ndi Yesu m'mbali mwa nyanja. Ndiye zimene Paulo akunena pa 2 Akorinto 7:10, kuti pali chisoni chofikitsa ku chipulumutso ndi chisoni china chobala imfa. Ndikawerenga kalata yanu ndikuopa kuti mwayamba kutsetserekera ku chachiwirichi, chifukwa mwalemba zambiri za kuipa kwanu koma za Khristu simunalembe ngakhale mzere umodzi.

Taonani mmene Yesu anayambira kulalikira pa Marko 1:15. Choyamba akuti nthawi yakwana ndipo Ufumu wa Mulungu wayandikira, kenako ndi pamene akuti tembenukani. Mfumu ndiyo yayamba kubwera. N'chimodzimodzi kwa Zakeyu: Yesu anadziitanira kunyumba kwake munthuyo asanalonjeze kalikonse. Chilungamo chimene mukuchisaka si mphoto ya amene atha miyezi osagwa. Wamsonkho wa pa Luka 18 anangodziguguda pachifuwa n'kupempha chifundo, ndipo ndi iyeyo anapita kwawo atayesedwa wolungama, osati Mfarisi wosala kudya kawiri pa sabata. Za kulapa kobwerezabwereza, ngakhale Martin Luther, mtsogoleri wa kukonzanso mpingo uja, mu 1517 anayamba mfundo zake 95 zija ndi kunena kuti Ambuye anafuna kuti moyo wonse wa okhulupirira ukhale wa kulapa.

Nanga inuyo mutani?

Musaleke kubwerera kwa Iye. Amene anatilamula pa Luka 17:4 kukhululukira m'bale wolapa kasanu ndi kawiri pa tsiku limodzi sangakhale wouma mtima kuposa lamulo lake. Koma pezani mkhristu mmodzi wokhwima, wosunga pakamwa, mumuuze tchimolo molitchula dzina, monga Yakobo 5:16 akunenera. Njira imene imakufikitsani kumeneko muidule, kaya ndi foni, kaya ndi mnzanu wina, kaya ndi nthawi imene mumakhala nokha. Ngati pali munthu amene mwamulakwira, pitani.

Ine ndinapita kwa mnzanga wa kuntchito uja. Ndinamupeza ali yekha, mawu akundikanika pakhosi, ndinamuuza zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ankadziwa kuyambira tsiku lija, ndipo chimene chinkamupweteka koposa n'kundiona ndikutsogolera mapemphero. Ndinapitanso kwa abwana kukakonza bodza lija, ndipo kwa miyezi ingapo sankandikhulupiriranso monga kale. Mnzangayo anandikhululukira, koma ubwenzi wathu sunabwerere mwakale. Timapatsana moni, nthawi zina timacheza pang'ono, ndipo tsopano akandiyang'ana sindizolikanso.