Minti wadzaza bedi lonse, nditani naye?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zangazi. Akuti zaka ziwiri zapitazo mnzawo anawapatsa kanthambi ka minti, uja ena amamutchula kuti timbewu tonunkhira, ndipo anakabzala pakona pa bedi la masamba. Lero minti ali pakati pa anyezi ndi karoti, watulukiranso m'kanjira. Funso lawo ndi ili: "Ndalimapo ndi khasu katatu konse koma akungochuluka. Kodi ndingomupopera mankhwala ophera udzu?"

Mayi, ndiyambe ndi khasulo, chifukwa ndi limene lakuchulukitsirani minti. Chomera ichi sichidalira njere kuti chifalikire. Mtundu wina wa minti wotchedwa peppermint ndi wa haibulidi, ndipo kawirikawiri subereka n'komwe njere zoti zimere. Minti amayenda pansi pa nthaka. Mukafukula mupeza tizingwe toyera, tina tofiirira, timene ambiri amatiyesa mizu. Imeneyo si mizu ayi, ndi tsinde loyanga mobisala, lokhala ndi mfundo ngati za nzimbe. Mfundo iliyonse imatha kutulutsa mizu yake ndi mphukira yake. Ndiye mukamenya khasu, chingwe chimodzi mwachidula pakhumi, ndipo mwabzala minti khumi musakudziwa. Kulima katatu kuja munkamuthandiza.

Mwayi wake ndi woti tizingweti sitilowa pansi kwambiri, tambiri timakhala m'masentimita 15 oyambirira a dothi. Dikirani mvula igwe, kapena thirirani bedilo madzulo kuti mukumbe m'mawa dothi lili lofewa. Tengani foloko ya m'munda, tukulani dothi pang'onopang'ono, kenako gwirani chingwe ndi dzanja n'kumachitsatira mpaka pamene chathera. Osachikoka mwamphamvu, chiduka. Ndi ntchito yogwada komanso yotopetsa, sindikunamizani. Zimene mwazulazo musaponye pa kompositi zili zaziwisi, chifukwa zikaphukira komweko ndipo mudzazibweza nokha m'munda pamodzi ndi manyowa. Ziyanikeni pa simenti kapena pa lata mpaka ziume gwaa.

Ngakhale mutasamala bwanji, tizidutswa tina titsalira. Sabata iliyonse muziyendera bedilo n'kuzula kamphukira kalikonse kakangoonekera. Kachidutswa kapansiko kamadya chakudya chimene kanasunga, ndipo mukakamana masamba kangapo kamatha mphamvu n'kufa. Konzekerani kutero kwa miyezi iwiri kapena itatu. M'kanjira muja, momwe simubzalamo kanthu, yalani makatoni okhuthala moti agundane bwino, pamwamba muike udzu wouma, muwasiye nyengo yonse.

Za mankhwala zija, ine sindingapopere pa bedi limene ndikudyapo. Komanso nthawi zambiri amangopsereza zapamwamba, tizingwe tina n'kupulumuka, mwezi wotsatira minti uyo.

Sindikukhulupirira kuti mukufuna kumutheratu. Sankhani zidutswa zitatu kapena zinayi zathanzi muzibzale m'chidebe chakuya masentimita 30, choboola pansi kuti madzi azituluka. Apa ndi pamene ineyo ndinapusa. Ndinaika chidebe changa padothi, ndikumadzitama kuti ndamutsekera m'ndende. Chaka chisanathe ndinapeza minti atamera chapatali ndithu, atatulukira pa timabowo tapansi tija. Chidebe chizikhala pa njerwa kapena pa simenti. Ngati mukufuna kuchikwirira m'bedi kuti chisamaume msanga, siyani mlomo wake pamwamba pa dothi ndi masentimita 5, ndipo muzichizula nthawi ndi nthawi kuona kunsi kwake. Nthambi zolendewera kunja muzizidula, chifukwa zikangokhudza dothi lachinyezi zimamera mizu pomwepo.

Minti amakonda chinyezi ndipo kamthunzi sadana nako. Muzimukolola pafupipafupi, podula pamwamba pa masamba awiri oyang'anizana. Pamenepo patuluka nthambi ziwiri, ndipo chomeracho chimawirira m'malo motalika n'kugwa. Fungo limakhala lamphamvu maluwa asanatuluke. Mukaona timadontho tachikasu chofiirira kunsi kwa masamba, ndi matenda a dzimbiri. Dulani zonse mpaka pansi n'kuzitaya kutali, ndipo matendawo akabweranso yambani ndi mbewu ina m'dothi lina.

Chinthu china chimene chimadabwitsa anthu ndi choti minti wa m'chidebe amafooka pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Pakati pamachita dazi, masamba n'kumangomera m'mphepete ali ang'onoang'ono. Sikuti wadwala, tizingwe tija tazungulira chidebe chonse ndipo tikupanikizana. Khuthulani zonse, dulani ndi mpeni, tayani zapakati zokalambazo, ndipo bzalaninso zam'mphepete m'dothi latsopano losakaniza ndi manyowa. Zotsala zidzakhala zambiri kuposa zimene mungafune. Ngati mukufuna kugawira wina, mumupatse zili kale m'kachitini, ndipo mumuuze nkhani ya khasu lanu lija.